A Reino Kangas Sanaitane Mlamu Wawo

Nditayamba ntchito pafakitale yopanga mapepala m'tauni mwathu muno, kumpoto kwa Minnesota, chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa sichinali kuyendetsa galimoto yonyamula mipukutu ya mapepala ayi. Anayamba andiphunzitsa pokhala nthawi ya nkhomaliro. Mayi wina wa m'chigawo chodula mapepala anandigwira mkono n'kundilozera tebulo la pakona, pafupi ndi zenera loyang'ana kumtsinje, n'kundiuza kuti pamenepo sipakhala munthu. Koma munthu analipo. Anali bambo ena ataliatali, a imvi, akudya buledi wakuda ndi nsomba yowamba, maso ali pachakudya chawocho. Ndinafunsa ngati bambowo anali ndi matenda opatsirana. Mayiyo sanaseke. Anangoti, "Ameneyo ndi nkhanambo," n'kundikokera kutebulo la anzake.

Kuno munthu amene walowa ntchito anzake ali pa sitalaka timamutcha choncho, ndipo dzina limeneli silichoka ndi sopo. Ine ndine Marlys. Ndinabwera m'tauni muno kudzakwatiwa, ukwatiwo unatha, ine n'kutsala ndi ana awiri ndi ntchito ya pafakitale. Sitalaka imene ankanenayo inachitika ine ndisanabwere, choncho ndinalibe chifukwa chowadera bambowo. Komanso ndine munthu woti ukandiuza kuti usakhale apo, m'pamene miyendo imandiyabwa. Posakhalitsa ndinatenga mbale yanga n'kukakhala patebulo lawo. Anandiyang'ana ngati ndasochera, kenako anakokera chakudya chawo pafupi kuti andipatse malo, chonsecho tebulo lonse linali lopanda kanthu. Tsiku limenelo anangondiuza kuti kunja kukuzizira. Dzina lawo ndinachita kulimva kwa ena, Reino Kangas.

A Reino anabadwira pafamu ya miyala yokhayokha kunja kwa tauni, kwa makolo ochokera ku Finland. Anthu amenewa ndakhala nawo nthawi yaitali ndipo ndimawakonda, koma ali ndi matenda amodzi: sapempha. Galimoto ikamutitimira m'chipale chofewa nthawi yachisanu, munthu wa kwa a Kangas amalolera kukumba yekha mpaka zala kuuma, nyumba ya mnzake ili poteropo, utsi ukutuluka. Ukamuthandiza usanapemphedwe amangogwedeza mutu, mawa lake udzapeza nkhuni zitaunjikidwa pakhomo pako kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Bambo awo ankadula mitengo m'nkhalango, ndipo a Reino atangomaliza sukulu analowa fakitale imene inkagaya mitengoyo.

Analowa limodzi ndi mnzawo wa kusukulu, a Delbert Rautio, ndipo pambuyo pake anakwatira mlongo wawo wa a Delbert, dzina lake Lorna. Anthu akale amanena kuti amuna awiriwa sankasiyana. Loweruka ankaotha nthunzi limodzi mu sauna, kanyumba kotentha kosambiramo ka kuseri kwa nyumba ya a Reino, November akafika ankalowa limodzi m'tchire kukasaka agwape, madzi a panyanja akaundana ndi chisanu ankakabowolapo dzenje limodzi n'kumawedza tsiku lonse. Woyankhula anali a Delbert, a Reino ntchito yawo inali kumvetsera ndi kuseka pamene pakufunika. Ana sanakhale nawo a Reino ndi Lorna, choncho ana a a Delbert ndiwo ankadzaza nyumba yawo.

Sitalaka inayamba masamba akuyoyoka, n'kukoka mpaka m'kati mwa nyengo yachisanu. Kampani inadula inshuwalansi ya chipatala ya onse onyanyala ntchito. Nthawi yomweyo madokotala anamupeza Lorna ndi khansa ya m'mimba. Bungwe la antchito linali ndi thumba lothandizira mabanja amene zinthu zawathina, ndipo chimene chinkafunika n'kupita kuholo ya bungwe, kuimirira pamaso pa komiti, n'kunena vuto lako. A Reino sanapite. Lorna nayenso, poti kwawonso n'kwa anthu a ku Finland omwewo, anabisa matendawo ngakhale kwa mchimwene wake. M'mawa wina anthu ali pageti, akuotha moto wa mumgolo, anangoona galimoto ya a Reino ikudutsa pakati pawo kukalowa ntchito, eniake maso ali kutsogolo. A Delbert anali pagetipo, atanyamula chikwangwani.

Za matenda a Lorna zinadziwika pambuyo pake, ndipo mungaganize kuti anthu anafewa mtima. Ena anafewadi pang'ono. Koma sitalaka inali italephera, amuna ambiri sanabwezeredwe pantchito, mabanja ena anagulitsa nyumba n'kusamuka. Mkwiyo wonsewo unkafuna pogwera, eni kampani ankakhala kutali, pomwe a Reino anali pompano. A Delbert chimene chinawapweteka kwambiri si za pageti zija ayi, koma kuti mlongo wawo ankadwala iwo osauzidwa. Lorna atamwalira ananyamula nawo bokosi, mbali ina iwo, mbali ina a Reino, n'kukalitula kumanda popanda kunena ngakhale pepani. Kuyambira pamenepo ankadutsana pafakitale tsiku ndi tsiku ngati anthu osadziwana.

A Reino analipira chindapusa chimene bungwe linawagamula n'kubwereranso kukhala membala ngati wina aliyense, koma kumisonkhano sankapondako. Galimoto yawo ankaimika kumapeto kwenikweni, kufupi ndi mpanda, kumene sikufika makina okankha chipale. Kutchalitchi ankakhala benchi lomaliza n'kutuluka anthu asanatsikire m'chipinda chapansi kukamwa khofi. Loweruka ndikamadutsa kwawo ndinkaona utsi ukutuluka pa sauna ija, pakhomo pali galimoto imodzi. Zaka zinapita, amene ananyanyala nawo aja ambiri anapuma ntchito, koma tebulo lija linakhalabe lopanda anthu. Achinyamata amene pa nthawi ya sitalaka anali m'matewera analandira chidanicho pamodzi ndi chisoti ndi magalasi oteteza maso, osafunsa n'komwe kuti chinayamba bwanji. Zimenezi zinkandinyansa, ndipo ndinkawauza pamaso.

Iwo ankandibwezera ndi chipongwe. Ndikanyamula mbale yanga wina ankafuula kuti Marlys akupita kwa amuna ake, ndisaiwale kudzola mankhwala ndikabwerako. Ine ndinkamuyankha kuti bola amuna angawo amatafuna atatseka pakamwa. A Reino ankamva zonsezi, makutu n'kufiira. Kucheza kwathu kunali kwa ine ndekha. Ndinkawauza za ana anga, za denga lodontha, za mwamuna wanga wakale ndi bodza lake, iwo n'kumangoti "ehe" kapena "n'zovuta." Ndinkawatcha bambo a mawu awiri. Ndinkaganiza kuti ndi mmene analengedwera, kuti m'kati mwawo munalibe zambiri zoti anene.

Ankagwira ntchito pamakina okulunga mapepala m'mipukutu. Makina amenewa nthawi zina pepala limang'ambika n'kudzipiringiza pakati pa zitsulo, ndipo lamulo lake ndi lodziwika kwa aliyense. Umazimitsa makina, umakhoma loko wako pa switchi, kiyi n'kuika m'thumba, kenako umaitana mnzako kuti adzayese kuyatsa n'kutsimikiza kuti makinawo afadi. Ukatero m'pamene umalowetsa mkono. Pamafunika anthu awiri. A Reino m'zaka zoyamba zija akaitana munthu, munthuyo ankagontha dala kapena kupita kuchimbudzi, makina ali chiimire, kapitawo akukalipa. Ndiye anasiya kuitana. Anasema ndodo yaitali ya mtengo wolimba, yokhala ndi ngowe kumapeto, n'kuphunzira kukoka pepala lopiringizikalo makina akuyenda pang'onopang'ono. Aliyense ankadziwa. Makapitawo ankayang'ana kumbali, poti makina a a Reino ndi amene sankaima.

Kenako fakitale inagulidwa ndi anthu ena. Anabwera ndi makamera, zikwangwani za chitetezo pakhoma lililonse, ndi mayi Tollefson, mkulu woona za antchito, mayi wofatsa wa mawu ozizira amene ankadziwa dzina la aliyense. Lachiwiri lina masana ndodo ija inakodwa. Makina anaimeza, inathyokera m'kati, mpukutu wonse unang'ambika ndipo makinawo anaima mpaka madzulo. Palibe anavulala. A Reino anauzidwa kuti mawa m'mawa akaonekere kuofesi ya mayi Tollefson.

Tonse tinkadziwa chimene chinali pamoto. A Reino anali atatsala pang'ono kufika msinkhu wolandira penshoni yonse pamodzi ndi inshuwalansi ya chipatala ya moyo wawo wonse. Kuchotsedwa ntchito nthawi imeneyo kunali kutaya zimenezo, ndipo munthu wa imvi amene ntchito yake ndi kukulunga mapepala palibenso kwina angalembedwe m'dera lino. Tinkadziwanso kuti kulakwa kamodzi kotere, kwa munthu amene sanayambe waitanidwapo kuofesi, chilango chake ndi kukhala kunyumba masiku ochepa osalipidwa. Zonse zinkadalira zimene zikayankhulidwe m'chipindamo.

N'chifukwa chake pali ufulu umene tonse timaudziwa ngati pemphero. Bwana akakuitana kuti akufunse mafunso amene angakufikitse kuchilango, umanena kuti ndikufuna woimira wanga wa bungwe, ndipo mafunso amayenera kuima mpaka iyeyo atafika. Akafika amakhala pambali pako, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukuponda phazi pansi pa tebulo ukayamba kuyankhula zimene sunafunsidwe. Koma mawuwo uyenera kuwanena wekha ndi pakamwa pako. Bwana sakakamizidwa kukukumbutsa, ndipo woimirayo sangakankhe chitseko ngati sunamuitane. Woimira wa chigawo cha a Reino anali a Delbert Rautio.

M'mawa mwake ndinawadikirira a Reino poimika magalimoto. Anali atavala shati yopita nayo kutchalitchi, m'khosi mutamangidwa mabatani onse.

"A Reino, mukalowa mmenemo musakhale pansi musananene mawu aja. Mukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa."

"Tanenani ndimve."

Anaseka pang'ono. "Ndikufuna woimira wanga. Sindine mwana, Marlys."

"Ndiye mukanene choncho. Ameneyo ndi mlamu wanu, komanso ndi ntchito yake, afune asafune."

Anakhoma galimoto, n'kuyesa chitseko kawiri ngati kuti kuli wina angabe galimoto imeneyo. Kenako anati, "Nanga ndikamuitana, iye osabwera? Ndikatuluka bwanji muofesimo?"

Ndinawauza kuti asiye zachibwana, a Delbert sangakane. Anangogwedeza mutu mwaulemu, mmene ankachitira ndikamawauza za denga langa.

Ndinathamangira kwa a Delbert. Ndinawapeza m'kachipinda ka pafupi ndi boyila, akuthira khofi. Anali munthu wonenepa, wa mawu aakulu, ndipo ngakhale ndinkakangana nawo kawirikawiri ndiyenera kunena kuti woimira ngati iwo sitinakhalepo naye. Anapulumutsa ntchito za anthu amene ine ndemwe ndikanawachotsa. Ndinawauza zimene a Reino ananena. Anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Ndinaimirapo zidakwa, akuba mawaya, ndi wina amene anagona akuyendetsa kireni yokweza katundu. Akandiitana ndilowa, ndipo ndikamenya nkhondo ngati ya wina aliyense."

"Ndiye pitani mukawauze zimenezo. Ali apo, pamakina awo."

"Lamulo likuti aitane yekha. Pakamwa ali napo."

Ndinawauza kuti palibe lamulo loletsa munthu kuyenda kuchoka pa boyila kufika pamakina okulunga mapepala n'kunena kuti ndilipo. Anandiyankha kuti munthu ameneyo sanayambe wawauzapo chilichonse, ngakhale za mlongo wawo weniweni, ndiye iwo sangayambe lero kumuthamangira pambuyo. Ndinawatcha nkhalamba ziwiri zouma mitu, ndi mawu ena amene sindingalembe pano, n'kutuluka kuti ndikawauze ndekha a Reino kuti mlamu wawo wavomera. Pamakina ndinapeza palibe munthu. Kapitawo anali atawatenga kale, nthawi imene anawauza ija isanakwane.

Pobwerera ndinakumana ndi a Delbert akukwera masitepe opita kumaofesi, chipewa chili m'manja. Ndinasiya galimoto yanga yonyamula mipukutu pakati panjira n'kuwatsatira. Anauza mlembi wa pakhomo kuti woimira wa a Kangas wafika. Mlembiyo analowa, n'kutuluka ndi yankho laulemu lochokera kwa mayi Tollefson, loti a Kangas sanapemphe munthu. Ngati uthengawo unanenedwa mokweza kuti a Reino amve, kapena unangonong'onezedwa kukhutu, ife sitinadziwe. A Delbert anakhala pabenchi la pakhonde, ine n'kukhala pambali pawo.

Chitseko cha ofesi imeneyo n'cholimba, mawu samveka bwino, koma umatha kuzindikira woyankhula. Poyamba tinkamva mawu ofewa a mayi Tollefson, kenako a Reino kuyankha mwachidule, monga mwa masiku onse. A Delbert anapumira m'mwamba n'kunena kuti mwina kuuma pakamwa kuja lero kuwathandiza. Koma patapita kanthawi mayankho aja anayamba kutalika. Mawu a mayiyo anayamba kuchepa, mpaka anangotsala a a Reino okha, akukwera, akutsika, akuima pang'ono n'kuyambanso. Zaka zonse zimene ndinadya nawo patebulo limodzi sindinawamvepo akuyankhula choncho. Nthawi ina tinamva akuseka.

A Delbert anali atapotokola chipewa chija mpaka chinasiya kuoneka ngati chipewa. Phazi lawo linkaponda pansi lokha, mobwerezabwereza. Anati chapansipansi, osati kwa ine, "Tseka pakamwa, Reino. Tseka pakamwa, ndapota nawe." Ine ndinaimirira kuti ndikagogode, zivute zitani, koma anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndikatero achotsedwa awiri. Ndinakhalanso pansi. Mumtima ndinkawatukwana onse atatu, mayi uja, a Delbert, ndi a Reino amene.

Chitseko chitatseguka anayamba kutuluka a Reino, nkhope ikuwala ngati munthu wochokera kuphwando, m'manja muli kapu ya pepala ya khofi. Pambuyo pawo panali kapitawo, ndipo kuno kapitawo akamakuyenda pambuyo choncho ndiye kuti akukuperekeza kukachotsa katundu wako m'kabati. A Delbert anaimirira. A Reino anaima, kuwala kuja n'kuzima.

"Mwakhala pano nthawi yonseyi?"

"Chilowereni inu."

"Sindimadziwa."

"Mukanangotchula dzina langa, alamu. Basi, dzina lokha."

Amenewa anali mawu oyamba kuyankhulana chiikireni maliro a Lorna. A Reino anayang'ana kapu ija, anayang'ana uku ndi uku kufuna poitula, koma pakhondepo panalibe tebulo. Anatsika nayo masitepe, kapitawo ali pambuyo.

Zimene zinanenedwa m'chipindamo tinazimva bungwe litakadandaula. A Reino sanangovomera za Lachiwiri lija. Anafotokoza kuti ndodoyo anaisema okha, kuti imene inathyokayo sinali yoyamba, kuti chithereni sitalaka sanakhomepo loko pa switchi pochotsa pepala lopiringizika. Anafotokoza mmene amamvera phokoso la makina kuti adziwe nthawi yolowetsa ngowe, mpaka anaimirira kusonyeza mmene amapindira dzanja. Kulakwa kwa tsiku limodzi kunasanduka kwa zaka zambirimbiri, ndipo mboni yake inali mwiniwake.

A Delbert anamenyadi nkhondo, zimenezo sindingawalande. Anaukoka mlanduwo mpaka unafika kwa woweruza wapadera wa milandu ya antchito, amene anachita kuchokera ku Minneapolis. Pamaso pa munthu ameneyo, ndi pamaso pa anthu a bungwe amene anadzaza chipinda, a Delbert ananena poyera kuti lamulo la loko limafuna anthu awiri, ndipo kuti a Kangas analibe wachiwiri chifukwa amuna onse a chigawocho, kuyambira iwo amene, ankakana kuwaimira. Woweruzayo anamvetsera, anati n'zomvetsa chisoni, koma munthu wavomera yekha kuti ankadziwa lamulo n'kumaliphwanya tsiku ndi tsiku. A Reino sanabwezeredwe pantchito. Anangowapatsa kagawo ka penshoni, inshuwalansi ayi.

Miyezi yonse ya mlanduwo amuna awiriwa ankakhala moyandikana, kukambirana za mlandu, nthawi zina kukwera galimoto imodzi. Ine ndinkayembekeza kuti mwina pamenepa payambira china. Koma mlandu utatha zokamba zinathanso. Anagwirana chanza poimika magalimoto, aliyense n'kulowera kwake. Chaka chotsatira a Delbert anapuma ntchito n'kusamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Arizona, poti mawondo awo anali atatopa ndi chisanu.

Ndinapita kukawaona a Reino chipale chitayamba kusungunuka, nditanyamula mbale ya mbatata yophika ndi nyama. Pakhomo panali chikwangwani chogulitsa nyumba. Anali atapeza kachipinda ku Duluth, kufupi ndi sitolo ya zipangizo zomangira imene inawalonjeza ganyu yosanja katundu. M'nyumba munali makatoni okhaokha. Anandipatsa mpando umodzi umene unatsala, iwo n'kukhala pakatoni, ndipo anathokoza chifukwa cha chakudyacho mpaka ndinachita manyazi.

Ndinali nditadziuza kuti sindikafunsa, koma pakamwa panga ndimapadziwa. Ndinawauza kuti za kusaitana a Delbert ndinazimvetsa, ngakhale zinali zopusa. Chimene sindinamvetse ndi chakuti munthu amene ine ndinalephera kumutulutsa mawu atatu kwa zaka zonsezi, anakakhuthula zonse kwa mayi amene ntchito yake inali kumuchotsa. Ndinafunsa ngati anawaopseza, kapena kuwanamiza kuti akanena zonse awakhululukira.

Anati ayi, mayiyo sanawaopseze ndipo sanawalonjeze kanthu. Anawathirira khofi, n'kuwafunsa kuti ntchito yawo amaigwira bwanji. Iwo atayankha mwachidule, mayiyo anati sanamvetse, afotokozenso bwinobwino. Anafunsa kuti mtengo wa ndodoyo ankaupeza kuti, ndi chifukwa chiyani mtengo umenewo osati wina, ndani anawaphunzitsa kumva makina ndi khutu.

"Simunaone kuti akulemba?"

"Ndinaona. Cholembera chinkayenda nthawi yonse."

"Ndiye bwanji osasiya?"

Anapukuta bondo lawo ndi chikhatho.

"Ndinkadziwa kumene zikupita, Marlys. Pakati pa nkhani ndinadziwa. Koma ankandifunsa, ndikayankha n'kufunsanso china. Ankafuna kumva." Anayang'ana pazenera. "Ndinacheza bwino tsiku limenelo."

Anadzuka n'kuyamba kutsegula makatoni, kufunafuna mafoloko awiri kuti tidye chakudya chisanazizire.